Sitima ya Pansi pa Misewu ya London: Mbiri ndi Kayendedwe ka Metropolitan Line

Ambiri mwa ife tinalidziwa dzina la Wembley kudzera mu mpira. Pa tsiku la masewero otsiriza a chikho cha FA, kanema amationetsa chinamtindi cha anthu chikuyenderera kupita ku bwalo, mbendera zili m'manja. Anthuwo amakhala atangotsika pa siteshoni ya Wembley Park, ndipo ambiri mwa iwo amafika pa sitima ya Metropolitan line. Njanji imeneyi ndi yobadwa kuchokera ku njanji yoyamba padziko lonse yonyamula anthu pansi pa mzinda, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1863. Tiyeni tione chimene chinachititsa anthu kukumba pansi pa misewu yawo, amene analipira mtengo wake, ndi m'mene sitimazi zimayendera lero.

Mzinda utathina

Pofika 1851, mu London munali anthu oposa 2 miliyoni. Galimoto kunalibe. Katundu ndi anthu ankayenda pa ngolo zokokedwa ndi mahatchi, ndipo anthu pafupifupi 200,000 ankalowa wapansi tsiku lililonse m'chigawo cha malonda chotchedwa City. Misewu inali yopapatiza, moti ngolo imodzi ikathyoka gudumu, msewu wonse unkaima.

Sitima zapamtunda zinawonjezera vutoli. Njanji zochokera m'zigawo zina za dziko zinkathera m'mphepete mwa mzinda: Euston inatsegulidwa mu 1837, Paddington mu 1838, ndipo King's Cross mu 1852. Mu 1846, bungwe limene boma linakhazikitsa kuti lifufuze nkhaniyi linalangiza kuti njanji zisaloledwe kulowa pakati penipeni pa mzinda, poopa kugumula nyumba zambiri. Zotsatira zake, sitima zinkatula anthu zikwizikwi pakhomo pa mzinda, n'kuwasiya kuti alimbirane misewu yodzaza kale ija.

Munthu amene anaumirira kwambiri kuti papezeke njira ina anali Charles Pearson, loya wa khonsolo ya City. Iye ankadziwa m'mene anthu osauka ankakhalira mothithikana m'nyumba zauve pafupi ndi malo awo antchito, chifukwa sakanatha kulipira ulendo wochokera kutali. Maganizo ake anali akuti pakakhala sitima yotsika mtengo, wantchito angathe kukhala kunja kwa mzinda kumene kuli mpweya wabwino, n'kumabwera ku ntchito m'mawa uliwonse. Popeza pamtunda panalibe malo, njanjiyo inayenera kudutsa pansi.

Nyumba ya Malamulo inavomereza ntchitoyi mu 1854, koma ndalama zinavuta. Dziko linali pa nkhondo ya ku Crimea, ndipo eni chuma ankakayika ngati munthu wanzeru zake angalole kulowa m'dzenje kuti akakwere sitima. Panafunika ndalama pafupifupi mapaundi 1 miliyoni. Zinthu zinayamba kuyenda mu 1859, Pearson atakopa khonsolo ya City kuti iikepo mapaundi 200,000. Chaka chimenecho n'chomwe David Livingstone anafika pa nyanja yathu ya Malawi.

Kukumba ndi kukwirira

Ntchito inayamba mu 1860 motsogozedwa ndi injiniya John Fowler. Makina oboola nthaka amene tili nawo lero kunalibe, choncho njira imene anagwiritsa ntchito inali yapafupi kuimvetsa ngakhale inali yowawa kuichita. Ankatseka msewu, n'kukumba chingalande chachikulu potsata msewuwo. M'mbali mwake ankamanga makoma a njerwa, pamwamba n'kuika denga la njerwa lokhota ngati uta kapena la mitanda yachitsulo. Akatero ankakwirira dothi ndi kubwezeretsa msewu pamwamba. Zonsezi zinkachitika ndi mapiki, mafosholo ndi mawilibala.

Anasankha kutsata msewu waukulu, umene lero ndi Marylebone Road ndi Euston Road, kuti asagule malo a anthu. Koma chakum'mawa, m'chigwa cha mtsinje wa Fleet, njanji inayenera kudutsa m'makomboni. Nyumba zinagumulidwa. Eni nyumba analandira chipukutamisozi, pamene mabanja amene ankachita lendi anangouzidwa kuti asamuke, ndipo ambiri anakathithikana m'makomboni ena oyandikana nawo. Apa pali chinthu chofunika kuchisunga m'mutu: njanji imene inalinganizidwa kuti ithandize osauka inayamba ndi kuwachotsa osauka omwewo pamalo pawo.

Mtsinje wa Fleet nawo unali utakwiriridwa kalekale n'kusanduka ngalande ya madzi oipa a mumzinda. Mu Juni 1862 ngalandeyo inaphulika, madzi n'kusefukira m'chingalande cha njanji, ndipo ntchito inachedwa. Pearson anamwalira mu Sepitembala chaka chomwecho, miyezi inayi sitima yoyamba isananyamule anthu.

Njanjiyo inatsegulidwa kwa anthu onse pa 10 Januwale 1863. Inali ya makilomita 6, kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon, ndipo inali ndi masiteshoni 7. Ulendo wonse unkatenga mphindi 18. Mabogi anali amatabwa, owunikidwa ndi nyale za gasi, ndipo anagawidwa m'makalasi atatu malinga ndi thumba la wokwera. Tsiku loyamba lokha anakwera anthu 38,000, ndipo chaka choyamba chisanathe chiwerengero cha maulendo chinafika 9.5 miliyoni. Amene ankati palibe angalowe m'dzenje anasowa chonena.

Maloto a Pearson anayamba kuoneka mu 1864, pamene kampaniyo inayambitsa sitima za m'mamawa za anthu antchito. Tikiti yopita ndi kubwerera inali mapeni atatu okha.

Walira mvula walira matope

Mainjini a nthawi imeneyo ankayendera malasha ndi nthunzi. Pamtunda utsi umauluka, koma pansi pa nthaka ulibe kolowera. Fowler anayesa kupanga injini yosunga kutentha m'njerwa zamoto kuti isamafuke ikalowa pansi, koma poiyesa inalephera. Kenaka anapanga mainjini okhala ndi mapaipi otengera nthunzi m'matanki a madzi ozizira, kuti nthunziyo isanduke madzi m'malo motuluka kunja. Mainjini otere, opangidwa ndi kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester, anayamba ntchito mu 1864. Nthunzi inachepa, koma utsi wa malasha unalipobe, ndipo okwera ankatsika akutsokomola.

Kampaniyo inaboola mazenera m'misewu ndi kusiya malo ena osakwirira kuti utsi uzitulukira. Chitsanzo chodziwika chili mumsewu wa Leinster Gardens, kumene njanji inadutsa pakati pa mzere wa nyumba za anthu olemera m'ma 1860. Nyumba ziwiri, nambala 23 ndi 24, zinagumulidwa, koma anamanganso khoma la kumaso lokha, lokhala ndi zitseko ndi mazenera onamizira, kuti msewu usaoneke ngati mkamwa moguluka dzino. Khomalo lilipo mpaka lero, kuseri kwake kuli njanji. Tikayerekeza ndi zimene zinachitikira anthu a m'chigwa cha Fleet, tikuona kuti kampani imodzi yomweyo inkasamala mosiyana, malinga ndi amene akukhala pamalopo.

Panalinso vuto la kukula kwa njanji. Kampani ya Great Western, imene inabwereketsa sitima zoyamba, inkagwiritsa ntchito njanji zotalikirana mamilimita 2,140, pamene makampani ena ankagwiritsa ntchito za mamilimita 1,435. Kuti timvetse kusiyanaku, njanji ya kwathu kuno ndi ya mamilimita 1,067. Metropolitan inayala zitsulo zitatu kuti sitima za mitundu yonse iwiri zizidutsa. Mu Ogasiti 1863 makampani awiriwa anakangana, Great Western n'kuchotsa sitima zake. Metropolitan inabwereka sitima kwa Great Northern mpaka itagula zakezake, ndipo chitsulo chachitatu chija chinazulidwa mu 1869.

Chimene chinathetsa utsi ndi magetsi. Mu 1890 kunatsegulidwa njanji ina ya City and South London, yozama kwambiri ndiponso yoyendera magetsi, ndipo mu 1900 kunabwera ya Central London. Anthu ataona kuti n'zotheka kuyenda pansi popanda kutsamwa, anayamba kuithawa Metropolitan. Kampaniyo inakakamizika kusintha, ndipo sitima zake zamagetsi zinayamba kuyenda mu 1905.

Njanji imene inabala midzi

Metropolitan sinakhutire ndi mkati mwa mzinda. Mogwirizana, ngakhale mokangana kawirikawiri, ndi kampani ya District, inamaliza njanji yozungulira pakati pa London mu 1884, imene lero ndi Circle line. Koma mtima wa Edward Watkin, amene anali wapampando kuyambira 1872 mpaka 1894, unali kumpoto chakumadzulo. Kuchokera ku Baker Street njanji inafika ku Harrow mu 1880, ku Rickmansworth mu 1887, ku Chesham mu 1889, ndi ku Amersham ndi Aylesbury mu 1892. Nthambi ya ku Uxbridge inatsegulidwa mu 1904, ya ku Watford mu 1925.

Watkin ankadziwa kuti njanji yopita kutchire siibweza ndalama pokhapokha anthu atakhala ndi chifukwa chopitira kumeneko. Ku Wembley anagula malo n'kuyamba kumanga nsanja yachitsulo imene ankafuna kuti ipose ya Eiffel ya ku Paris. Inangofika gawo loyamba, ndalama zinatha, maziko anayamba kutitimira, ndipo inagwetsedwa pofika 1907. Pamalo pomwepo ndi pamene anamanga bwalo la mpira la Wembley mu 1923.

Njira imene inapindula inali ya nyumba. Makampani ena a njanji ankalamulidwa kugulitsa malo otsala akamaliza kumanga, koma Metropolitan inali ndi chilolezo chowasunga. Inayamba kugawa mapuloti ndi kumanga nyumba pafupi ndi masiteshoni ake. Mu 1915 inayamba kutsatsa maderawa ndi dzina lakuti Metro-land, ndipo mu 1919 kunakhazikitsidwa kampani yapadera yoona za nyumbazo. Aliyense wogula nyumba ankasanduka wokwera sitima wa tsiku ndi tsiku. Minda ndi madambo a ku Harrow, Pinner ndi Wembley anasanduka matauni. Nyumbazi zinkagulidwa makamaka ndi makalaliki ndi ena a malipiro apakati, osati osaukitsitsa amene Pearson ankawaganizira.

Mpikisano wa makampani ambiri unkasokoneza okwera, chifukwa aliyense anali ndi matikiti ndi malamulo ake. Pa 1 Julayi 1933 pafupifupi njanji zonse za pansi, mabasi ndi matilamu a mu London zinaikidwa m'manja mwa bungwe limodzi la London Passenger Transport Board. Metropolitan Railway inasiya kukhala kampani yoima payokha n'kukhala Metropolitan line. Chaka chomwecho kunatuluka mapu a Harry Beck, amene sasamala za mtunda weniweni koma amaonetsa masiteshoni motsatana ndi malo osinthira sitima, njanji iliyonse ndi mtundu wake. Pa mapu a lero, Metropolitan ndi mzere wofiirira moderako. Mainjini a malasha anapitiriza kukoka mabogi a anthu kumpoto kwa Rickmansworth mpaka 1961, magetsi atafika kale ku Amersham, ndipo gawo lopitirira pamenepo linaperekedwa ku njanji za dziko lonse.

M'mene ikuyendera lero

Metropolitan line ya lero ndi yotalika makilomita pafupifupi 67, mtunda wofanana ndi wochokera ku Blantyre kukafika ku Zomba, ndipo ili ndi masiteshoni 34. Imayambira ku Aldgate, kudutsa Liverpool Street, Farringdon, King's Cross ndi Baker Street, kenaka n'kugawikana kupita ku Uxbridge, Watford, Amersham ndi Chesham. Ngakhale timaitcha ya pansi, gawo lalikulu lili pamtunda. Sitima ikatuluka m'ngalande pa Finchley Road imayenda poyera. Chesham ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera pakati pa London, ndipo ndiyo siteshoni yakutali kwambiri pa njanji zonse za Underground. Chigawo choyambirira cha 1863 chikugwirabe ntchito, kungoti pakati pa Paddington ndi Baker Street pamadutsa sitima za Circle ndi za Hammersmith & City.

Sitima zimene zikuyenda pano zimatchedwa S8. Zinapangidwa ku Derby ndi kampani ya Bombardier ndipo zinayamba ntchito mu 2010. Iliyonse ili ndi mabogi 8 olumikizana mkati, moti munthu angathe kuyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Ili ndi mipando 306, ndipo pamodzi ndi oimirira imanyamula anthu pafupifupi 1,000. Kuti anthu amenewa tiwanyamule pa maminibasi a anthu 15, pangafunike maminibasi oposa 60. Mkati muli makina oziziritsa mpweya. Izi zimatheka chifukwa ngalande zokumbidwa kuchokera pamwamba zija ndi zazikulu ndipo zili ndi potulukira mpweya wotentha. Mazenera amene anaboolera utsi wa malasha akuthandiza mdzukulu wa wokwera woyamba uja.

Magetsi safika kudzera m'mawaya a m'mwamba. Tikayang'ana pansi tiona zitsulo zinayi. Ziwiri n'zoyendapo magudumu, chachitatu chili pambali ndipo chachinayi chili pakati. Ziwiri zomalizazi ndizo zimanyamula magetsi, ndipo sitima imazikhudza ndi tizitsulo totsetsereka tokhala kunsi kwake. Kwa zaka zambiri mphamvu yake inali mavoti 630, ndipo pa njanji zosazama ngati iyi yakhala ikukwezedwa kufika 750. Chitsulo chachinayi chilipo kuti magetsi obwerera asadutse m'nthaka, kumene angadye mapaipi a madzi ndi a gasi. Sitima ikamanga mabuleki, mamota ake amasanduka ngati majenereta n'kubwezera magetsi m'zitsulo zija kuti sitima ina iwagwiritse ntchito.

Funso limene ambiri timakhala nalo ndi lakuti sitima zotsatana chonchi zimalephera bwanji kugundana. Njira yakale inali yogawa njanji m'zigawo. Sitima ikalowa m'chigawo, magudumu ake amalumikiza zitsulo ziwiri zija, ndipo nyale ya kumbuyo kwake imayaka yofiira ngati maloboti a pamsewu. Pambali pa nyaleyo pamakhala kachitsulo kamene kamadzuka nyale ikafiira. Dalaivala akapitirira, kachitsuloko kamagunda chogwirira cha kunsi kwa sitima, mabuleki n'kudzimanga okha. Njira yatsopano, imene yakhala ikuikidwa pang'onopang'ono pa Metropolitan, Circle, District ndi Hammersmith & City, imagwiritsa ntchito makompyuta ndi mauthenga a wailesi. Sitima iliyonse imadziwitsa kompyuta pamene ili ndi liwiro lake, ndipo kompyuta imaiuza mtunda umene ingayende bwinobwino. M'zigawo zimenezi sitima imadziyendetsa yokha, dalaivala n'kumayang'anira zitseko ndi chitetezo. Cholinga chake n'chakuti pakati pa mzinda pazidutsa sitima 32 pa ola, kutanthauza sitima imodzi mphindi ziwiri zisanakwane.

Chovuta china n'chakuti Metropolitan siyenda yokha. Kum'mawa kwa Baker Street imagawana njanji ndi Circle ndi Hammersmith & City. Kuchokera ku Rayners Lane mpaka ku Uxbridge imagawana ndi Piccadilly, ndipo cha ku Amersham imagawana ndi sitima za dizilo za Chiltern Railways. Sitima imodzi ikachedwa pa mphambano ya Baker Street, kuchedwako kumafalikira kwa anzake onse. Komabe njanjiyi ili ndi mwayi umene zinzake zambiri zilibe. Pakati pa Finchley Road ndi Wembley Park siima paliponse, chifukwa masiteshoni apakatiwo amatumikiridwa ndi Jubilee line. Kupitirira apo mpaka ku Moor Park kuli njanji zokwanira kuti sitima zothamanga zizipitirira zoima paliponse, makamaka m'mawa ndi madzulo pamene anthu achuluka. M'malo ena liwiro limafika pafupifupi makilomita 100 pa ola.

Ngakhale masamba a mitengo ali ndi gawo lawo. Cha mu Okutobala ndi Novembala, mitengo ya m'mapiri a Chiltern imayoyola masamba, magudumu n'kuwapera kukhala phala loterera limene limalepheretsa mabuleki kugwira. Pa nyengo imeneyi pamayenda sitima yapadera yothira msanganizo wa mchenga pa zitsulo. Ntchito zina zambiri zokonza njanji zimachitika pakati pa usiku, m'maola ochepa amene sitima zaima ndipo magetsi azimitsidwa.

Malipiro amatengera mtunda. London inagawidwa m'zigawo zozungulira, kuyambira 1 pakati pa mzinda, ndipo Amersham ndi Chesham zili m'chigawo 9. Wokwera amagunditsa khadi pa geti polowa ndi potuluka, makina n'kuwerengera okha mtengo. Khadi la Oyster linayamba mu 2003, ndipo kuyambira 2014 makhadi a kubanki nawo amagwira ntchito. Njanjiyi ili m'manja mwa Transport for London, bungwe limene lili pansi pa meya wa mzindawo ndipo limadalira kwambiri ndalama za okwera. Kudalira kumeneku kunaoneka kuopsa kwake mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatsekera anthu m'nyumba ndipo bungweli linafunika thandizo la boma kuti sitima zisaime.

Malamulo ena a chitetezo anabwera pambuyo pa maliro. Pa 18 Novembala 1987 moto unabuka pa masitepe oyenda okha a matabwa pa siteshoni ya King's Cross, ndipo anthu 31 anafa. Ofufuza anapeza kuti gwero lake liyenera kuti linali machesi oyaka amene munthu anataya. Kuchokera pamenepo kusuta kunaletsedwa paliponse m'masiteshoni, ndipo masitepe a matabwa anayamba kusinthidwa ndi achitsulo.

Zimene tikutolapo

Nzeru ya ku London inafalikira. Budapest ndi Glasgow anatsegula njanji zawo za pansi mu 1896, Paris mu 1900 ndipo New York mu 1904. Liwu lakuti metro, limene mizinda yambiri imagwiritsa ntchito, ndi chidule cha Metropolitan. Mu Africa, Cairo ndiyo inayamba mu 1987, Algiers n'kutsatira mu 2011. Abale athu okhala ku Johannesburg amaidziwa Gautrain, imene inayamba mu 2010 ndipo gawo lake lina limadutsa pansi pa mzindawo.

Mizinda yathu ya Lilongwe ndi Blantyre sinafike poti n'kukumba pansi, ndipo mtengo wake sitingaukwanitse lero. Koma mafunso amene London inakumana nawo m'ma 1850 sasankha dziko. Kodi wantchito wa malipiro ochepa azikhala kuti, ndipo ulendo wake wa ku ntchito uzimudyera gawo lanji la malipirowo? Msewu kapena njanji ikamadutsa m'komboni, wochita lendi amawerengedwa ngati munthu wotaya kanthu? Nanga malo odzadutsa njira za mawa akusungidwa lero, kapena tidzachita kugumula nyumba za ana athu? London inachedwa kusunga malo otere, ndipo inalipira pokumba misewu yake ndi kusamutsa anthu ake. Enafe tikukonzekera kukaphunzitsa ana amene adzakhale m'makhonsolo ndi m'maofesi okonza mapulani a mizinda. Tikamawaphunzitsa za Metropolitan line, tiwauze za Pearson ndi Fowler, komanso za mabanja a m'chigwa cha Fleet amene mayina awo sanalembedwe pa siteshoni iliyonse.